Tepi yokha siyeza poizoni

Mtima wanga sunazizirebe chichokereni dzulo. Ndimachokera ku Kamuzu Road, kuno ku Salima, pa kabaza cha m'ma 4 koloko madzulo, ndiye tinadutsa pamalo paja panali fakitale kalekale, paja mpanda unagwa anthu n'kutola njerwa zonse. Ndinangoona mwana wa mlongo wanga, wa Sitandade 3, ali chikhalire ndi anzake akuumba tigalimoto ndi dothi lakuda bii. Ndinatsika. Nditamununkhiza m'manja, fungo lake la m'galaja, oyilo weniweni. Pambali pawo pali migolo iwiri yadzimbiri, umodzi wobooka kunsi, zolemba zake zinafufutika kale.

Chakumunsi pang'ono mayi ena akuthirira mpiru ndi madzi a pachitsime chomwe anakumba pomwepo. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, madzi amenewa mumamwanso?" Iwo akuti, "Nanga titani achimwene, mjigo uli kutali." Ndiye anandiuzanso kuti sabata yatha kunabwera akuluakulu ena ndi tepi kudzayeza malowo, akuti adulepo mapuloti.

Apa ndi pamene pandikwiyitsa. Mwayeza mulitali, mwayeza mulifupi, mwakhoma zikhomo. Nanga dothilo waliyeza ndani?

Yezani dothi kaye! Boma liike ndalama padera zoyezera malo onse amene panali mafakitale, madepoti a mafuta, magalaja akuluakulu ndi nyumba zosungiramo mankhwala a mbewu, lisanalole munthu kumangapo ngakhale khola la nkhuku. Salima ndi dera la thonje, ndipo aliyense amene analimapo thonje akudziwa ukali wa mankhwala opopera aja. Ena akale ngati DDT amakhala m'nthaka zaka zambirimbiri osatha mphamvu. Mtovu wa m'mabatire suwola n'komwe, ndipo ukalowa m'thupi la mwana umawononga ubongo mwakachetechete, mawa tizimukalipira kuti ndi mbuli m'kalasi. Chakudza sichiimba ng'oma abale anga.

Ntchito yake si yodabwitsanso ayi. Akatswiri amakumba timayenje m'malo angapo, amatapa dothi ndi madzi n'kupita nazo ku labotale. Akapeza kuti n'poipa, dothilo amalifukula n'kukalitaya koyenera, kapena amalikwirira bwinobwino kuti lisakhudzane ndi anthu. Akatha zimenezo ndiye mubwere ndi tepi yanuyo, mumange msika, sukulu, kaya nyumba, tidzavina nanu limodzi. Ine sindikudana ndi chitukuko. Malowo akungokhala tchire losungira njoka ndi mbava, ndikufuna pamangidwe ndithu. Koma osamanga pamwamba pa poizoni.

Kaya kampaniyo inagwa, kaya eni ake anathawa ngongole, izo n'zawo. Amati wowononga ndiye alipire, chabwino, koma wowonongayo ngati anasowa zaka makumi awiri zapitazo tizidikira kuti adzuke kumanda? Pakadali pano ana akuumba tigalimoto.

Malamulo tili nawo, musatinamize. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti boma lizisamala chilengedwe kuti Amalawi azikhala ndi kugwira ntchito pamalo abwino. Mu 2017 aphungu anakhazikitsa lamulo la zachilengedwe lomwe linabala bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Koma lamulo lopanda ndalama ndi khasu lopanda mpini. Apatseni anthuwo mafuta a galimoto ndi zipangizo abwere adzatape dothi. Mukati ndalama palibe, nanga za misonkhano ya m'mahotela ku Senga Bay zimachokera kuti? Mwezi ndi mwezi magalimoto oyera ali ndondondo kulowera kunyanja, kukakambirana za chilengedwe chomwecho, kudutsa pafupi ndi migolo yomweyi magalasi atatseka. Msonkhano umodzi wokha mutaulumpha, dothi la pamalo pano layezedwa.

Ndipo kuno kwathu n'kwachidikha, madzi sali patali, ukakumba pang'ono wawapeza. Mvula ikagwa, zonse zili pamenepo zimalowa m'zitsime, zotsala zimatsetserekera kunyanja komwe timatapa usipa. Musaganize kuti n'za ife a ku Salima tokha. Usipa umenewo mumadya ku Lilongwe, inu a maofesi.

Yezani dothi. Osati mawa, osati nyumba zitamangidwa kale, anthu atabereka ana pamenepo. Madzi akatayika sawoleka.

Komanso inu amene mumagulitsa migolo ndi zigubu zakale pamsika, mumadziwa munali chiyani m'menemo? Munthu akugula chigubu chonunkha mankhwala, inu n'kumuuza kuti akangotsuka ndi sopo ndi phulusa chitha. Anthu akusungiramo madzi akumwa, ena akufululiramo thobwa la pa ukwati. Mabatire a sola akatha ntchito tikungoponya kudzala, ana n'kumawaswa ndi miyala kufuna mtovu womangirira ku mbedza kuti zizimira. Mwana wa mlongo wanga ndamusambitsa kawiri, m'zikhadabo mukadali mwakuda.