Pa chemo, kupirira chamumtima n'koopsa

Tinazolowera kutamanda wodwala wosadandaula, timati ndi wolimba mtima. Koma kwa mayi amene akulandira chemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa ya m'mawere, kukhala chete koteroko kukhoza kumutayitsa moyo, ndipo zimandipweteka ndikaona abale akumuyamikira nako.

Mankhwalawa amapha maselo amene amachulukana msanga. Maselo a khansa ndi otero, koma a tsitsi, a m'kamwa, a m'matumbo ndi a mkati mwa mafupa momwe mumapangidwa magazi ndi oteronso. N'chifukwa chake amawapereka mopumira, kawirikawiri pakatha masabata 2 kapena 3, kwa miyezi 3 mpaka 6, ndipo amayamba ayeza magazi asanaike diripi ina. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 mutalandira, asilikali a m'magazi amakhala atatsikiratu, ndipo nthawi imeneyo muli kunyumba, kutali ndi adokotala. Kamatenda kamene kale thupi likanathana nako lokha kangathe kufalikira m'magazi m'maola ochepa. Chonde amayi, khalani ndi thermometer, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, chemo isanayambe. Ikaonetsa 38°C kapena kuposa, kapena mukazizidwa mpaka kunjenjemera, nyamukani mupite kuchipatala, kaya ndi pakati pa usiku, ndipo mukangofika nenani kuti muli pa chemo. Musameze paracetamol n'kumati tione mmene kuchere. Amatsitsa kutenthako, matenda ali kuyaka mkati.

Nseru nayo si yopirira. Mankhwala oletsa kusanza monga ondansetron ndi dexamethasone amagwira bwino mukamwa pa nthawi imene anakuuzani, nseruyo isanafike. Akakanika alipo ena, koma adokotala asintha bwanji inu osanena? Dziwaninso kuti ondansetron amadzimbitsa, dexamethasone amasowetsa tulo ndi kukweza shuga. Idyani pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo chakudya chikazizirako fungo lake silinyansa kwambiri. M'kamwa tsukani ndi mswachi wofewa, muzichukucha madzi amchere zilonda zisanatuluke.

Posamalira mchemwali wanga ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Tsiku lokaonana ndi adokotala limafika thupi litayamba kubwerera, ndiye akafunsidwa amangoti, "Ndili bwino adokotala." Sanali kunama. Mavuto a masabata awiri apitawo anali atawaiwala, mwinanso ankaopa kuoneka wovuta. Chimene chinatithandiza ndi kope: tsiku lililonse kulemba kutentha kwa thupi, wasanza kangati, wadya chiyani, wagona bwanji. Mukopemo ndi mmene munaonekera kuti zala zayamba dzanzi, mabatani a malaya akumukanika kumanga. Mankhwala a chemo otchedwa paclitaxel ndi docetaxel amatha kuwononga mitsempha ya m'zala ndi m'mapazi, ndipo mukanena msanga adokotala amatha kuchepetsa mlingo. Mukabisa, dzanzilo likhoza kukhalitsa zaka.

Zina zimaopsa chabe. Doxorubicin, mtundu wina wa chemo, ndi wofiira, ndiye mkodzo umafiira kwa tsiku limodzi kapena awiri. Koma pamene abaya diripi pakayamba kuwotcha kapena kutupa, itanani anamwino nthawi yomweyo, musadikire kuti botolo lithe, chifukwa mankhwalawo akatulukira kunja kwa mtsempha amawononga mnofu.

Tsitsi limayamba kuyoyoka patatha masabata 2 kapena 3 kuchokera pa chemo yoyamba, ndipo kawirikawiri limameranso mankhwala akatha. Ena amameteratu kuti asamalione pa pilo. Koma musamuuze munthu kuti "ndi tsitsi chabe". Msiyeni alire, ndi lake.

Kwa amayi achichepere amene akufuna kudzabereka, funsani za nkhaniyi musanayambe, chifukwa msambo umatha kuima. Komabe pakati mukhoza kutenga, ndipo chemo ndi yoopsa kwa mwana, choncho kambiranani ndi adokotala njira yolera yoyenera inuyo. Mankhwala azitsamba ndi mavitamini amene achifundo amabweretsa, aonetseni kaye kuchipatala, ena amasokoneza chemo.

Inu abale, mawu oti "mukafuna kanthu mundiuze" sathandiza munthu amene alibe ngakhale mphamvu yoimba foni. Sankhani ntchito nokha: kuchapa, kuphika, kutenga ana kusukulu, kumuperekeza pa tsiku la diripi. Mukakhala ndi chimfine khalani kwanu. Mukabwera sambani m'manja, ndipo musamufotokozere za uje amene anamwalira ndi matenda omwewa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere padziko lonse, ndipo limafuna kuti odwala oposa 80 pa 100 alionse azimaliza chithandizo chawo. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mayi amene amasiyira panjira chifukwa cha kusanza kapena zilonda zimene zikanatheka kuchepetsedwa. Ngati maganizo osiya akubwererani, pitanibe pa tsiku lanu mukawauze adokotala mosabisa kuti mwatopa. Angathe kukupumitsani sabata, kuchepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala.