Chenjezo kwa alimi anzanga, chimanga chikuthera pa sikelo ya venda

Loweruka lapitali ndinali pa Lizulu kudikira minibasi ya ku Ntcheu boma ndipo zimene ndinaona pamenepo mutu ukundiwawabe mpaka lero. Bambo wina wamkulu ndithu, ndevu zayamba kale imvi, wafika ndi ngolo yodzaza matumba a chimanga chongotong'ola kumene, china chosauma bwino moti venda analuma njere imodzi n'kunena kuti achotsapo makilo. Kumbuyo kwa ngolo kukubwera mayi wapansi, mwana kumsana, thukuta lokhalokha, akungoti "bambo a ana siyaniko matumba awiri okha, awiri okha chonde." Bamboyo osatembenuka n'komwe. Venda wakoleka sikelo yake ija pa nthambi ya mtengo, akuyeza yekha, akuwerenga yekha, akulemba yekha pa chikatoni, mwini chimanga ali cha uko akukangana ndi anyamata a kabaza nkhani ya mpira wa ku England. Ndalama atalandira wangopinda n'kuponya m'thumba la malaya osawerenga. Minibasi yathu isanadzaze ndamuonanso akutuluka m'shopu atakumbatira chisipika chija chowalawala magetsi, mayi aja atakhala pansi pa ngolo yopanda kanthu.

Kodi anthu inu mwalodzedwa?

Ine musandiuze za kuwawa kwa ulimi ngati ndine mlendo, khasu ndaligwira kuyambira ndili kamwana kopanda nsapato ndipo msana wanga ndi mboni. Ndikudziwa kugalauza mizere mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, nthaka ili gwa khasu likungodumpha. Ndikudziwa kubzala ndi mvula yoyamba kenako kumwamba kungoti mbee masabata atatu, mbewu yonse kupserera pansi, n'kukabzalanso ndi chimanga chotapa m'nkhokwe chifukwa ya mbewu ina palibe. Kupalira, kubandira, kuthamangitsa mbuzi za eni ake zosamanga, kugona m'munda kuopa akuba chimanga chikangoyamba kukhwima. Minda yake nayonso ndi yotani masiku ano? Munda umene agogo athu ankalima okha lero tagawana zidzukulu khumi ndi kuposa, aliyense kachigawo kake koti ukaponya mwala ukagwera kwa mnzako, ndipo nthaka yake yatopa, popanda feteleza chimanga chimangofika m'mawondo n'kuyamba chikasu.

Feteleza wakeyo ndiye musanene. AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, itayamba 2020 thumba linali K4,495, pofika 2022 linali pa K15,000 ndipo mayina a opindula ankachepa chaka ndi chaka, mudzi wonse kupezeka anthu owerengeka. Wogula wekha m'shopu thumba limodzi linadutsa kale K100,000, kwacha itagwa kawiri, Meyi 2022 ndi Novembala 2023, zinthu zonse zinangothawa. Mbozi zija zinatipeza 2017 sizinachokenso, tathira phulusa, mchenga, sopo, ena mpaka msuzi wa usipa kunsonga kwa chimanga kuti nyerere zibwere zidzadye mbozizo. Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi anthu omwe ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Blantyre, ena minda yawo lero ndi miyala yokhayokha. Chaka chotsatira ng'amba ya El Nino, boma mpaka kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Ndiye munthu wapulumuka zonsezi, Mulungu wamuchitira chifundo wapeza timatumba take khumi, iye n'kunyamula tonse kukapereka kwa venda mwezi wa Meyi mtengo uli pansi penipeni? Mwakhetsera thukuta ndani kodi?

Musandiyankhe kuti sopo, mchere, fizi ya mwana, zimenezo ndikuzidziwa ndipo palibe wakuletsani kugulitsa ndowa ziwiri zitatu kuti mwana abwerere ku sukulu kapena wodwala apite ku chipatala. Ine ndikunena inu amene mumasesa nkhokwe yonse. Inu amene mwezi wa Juni mumasanduka mabwana pa tiledingi senta, kugulira aliyense mowa, kusintha foni, kubetcha mpira tsiku ndi tsiku eti mawa ndiwina mamiliyoni, ena mpaka kukatenga mkazi wachiwiri chifukwa cha matumba asanu a soya. Matumba asanu! Ogasiti akamafika m'thumba muli mphepo yokhayokha, mkazi wachiwiri uja wapita kale kwawo, mwabwerera kwa mayi a ana omwe munawasiya akulira aja kukafunsa kuti nsima ili kuti.

Ndipo mavendawo mumawadziwa bwino lomwe, simungandinamize. Mumadziwa kuti sikelo zambiri ndi zokonza, thumba loti kunyumba munalisoka lodzaza kufika pamenepo akuti makilo 43 inu n'kungoti chabwino bwana. Mumadziwa ndowa zawo zomenya pansi ndi hamala kuti zizilowa zambiri, n'kuunjikanso pamwamba mpaka chimanga kumatayikira pa chisaka chawo chomwe ayala pansi, chotayikacho n'chawonso. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, pa wailesi amanena, alangizi amanena, koma ndani wa inu anayamba waimapo n'kukana? Mumati ADMARC ilibe ndalama, imachedwa kutsegula misika, zoona zimenezo sindikutsutsa, 2022 inachita kutsekedwa antchito n'kuchotsedwa tonse tinamva. Koma ndiye poti ADMARC yagona basi chimanga mupereke ulere? Simungagwirizane anthu khumi m'mudzi n'kusonkhanitsa katundu wanu, kupeza sikelo yanuyanu, n'kumuuza venda mtengo inuyo? Pa maliro mumagwirizana, pa chinkhoswe mumagwirizana, pa mowa ndiye musanene, koma pa mtengo wa thukuta lanu aliyense amazemba yekha m'bandakucha kuti mnzake asamuone.

Chimanga chomwecho venda sapita nacho kutali ayi. Amachithira mankhwala n'kuchitsekera m'nyumba ya lendi pa tiledingi pomwepo, kudikira inu nomwe. Januwale mukubwera ndi kajumbo kudzagula kambale kamodzi pa mtengo woti simunaulotepo, chimanga chanu chomwe, mwina thumba lake likadali ndi dzina lanu lolemba ndi makala.

Nanga za ziphaso za feteleza wotsika mtengo zija? Kuyambira nthawi ya makuponi 2005 mpaka kubwera kwa zitupa za unzika khalidwe lake ndi lomwelo. Dzina latuluka, mwayi woti anzanu mazanamazana akuulirira, inu n'kutenga chitupa kukapereka kwa venda akupatseni kandalama ka kachasu, iye akaombole matumba awiri, wokulitsa ndi wobereketsa, akagulitse mtengo wa m'shopu. Ena mumaombola ndithu koma thumba silifika n'kunyumba komwe, limatsikira panjira. Kenako Febuluwale chimanga chili chikasu mukuti boma latitaya. Boma lili ndi milandu yake yambiri ndipo tsiku lina tidzakamba, koma uwu wokha ndi wanu.

Katapila ndiye watha mabanja ndikuona ndi maso angawa. Mukatenga thumba limodzi nthawi ya njala kuti mudzabweze awiri kapena atatu pokolola, mwagulitsa munda usanabereke. Ena mukugulitsa chimanga chikadali chiwisi m'munda, fodya akadali pa nazale, mwini ndalama akungodikira tsiku lokolola abwere ndi ngolo yake. Banki m'khonde amayi anayambitsa kuti azithandizana, abambo mwailowerera, mukutuma mkazi akatenge ngongole m'magulu atatu nthawi imodzi ndalama mudye inu, tsiku lobweza mwathawira ku Joni kapena ku Mozambique, anthu akubwera kudzazula malata ndi kutenga mbuzi, mkazi ndi ana akugona kuyang'ana nyenyezi. Ndi umuna umenewo?

Chimene chimandipweteka kwambiri ine ndi ichi cha kubwereketsa minda. Munda wa makolo, manda a agogo anu ali cha pompo, mukupereka kwa munthu wa m'tauni zaka zitatu ndalama mulandiriretu, ndalamayo osatha mwezi. Mvula ikagwa mulibe polima, ndiye mukupita kukapempha ganyu kwa munthu yemweyo, m'munda mwanu momwe, akukuyezerani mizere ndi ndodo n'kukulipirani ndi mbale ya ufa kapena madeya. Mwini munda kusanduka waganyu pa nthaka yake! Ndipo ngakhale amene simunabwereketse, Disembala ndi Januwale mumakhala m'minda ya eni kusaka chakudya cha lero, wanu munda udzu ukukula kuposa chimanga, feteleza wochepa yemwe munathira akudya ndi udzu. Pokolola mupeza matumba atatu, mugulitsanso Meyi, chaka chamawa ganyu yemweyo. Ana akuona zimenezi ndiye mukudabwa kuti bwanji akuthawira ku Lilongwe kukayendetsa kabaza ndi kugulitsa madzi a m'mapepala? Mwana wanzeru angakhumbire moyo umenewu?

Nanunso anyamata otentha tchire, ndikukuonani. Mapesi oti akanaola m'munda n'kubwezera chonde mukuyatsa moto chifukwa cha mbewa zisanu zokagulitsa pamsewu, moto n'kulusa kukatentha udzu wofolera wa anthu, mitengo, nthawi zina ndi nkhokwe zomwe. Makolo anu ali phee kuonerera, mafumu ali phee. Ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku zangoti mbwee m'makola, phulusa mukutaya kudzala, madeya mukugulitsa kwa oweta nkhumba, pomwe anzanu akusakaniza zomwezo ndi feteleza pang'ono, kumanga m'thumba masiku 21 n'kupeza manyowa a Mbeya othira munda. Alangizi akaitanitsa msonkhano wa zimenezi funso lanu loyamba ndi loti kodi kuli alawansi? Kulibe, basi simupita. M'mbali mwa mitsinje mwalima mpaka khasu kugwera m'madzi, mitengo ya m'phiri yonse yapita ku makala, madzi akabwera ndi ukali n'kukokolola dimba mukuti kuli mfiti.

Ngakhale inu ochepa amene mumasungako, kasungidwe kake Mulungu akuoneni. Chimanga chosauma bwino kuthira m'matumba, kuunjika pansi pa dothi popanda ngakhale timitengo, mankhwala ogula pa msika kwa munthu wongoyala pansi opanda ndi pepala lomwe, ena akuti amangosakaniza ndi ufa kapena phulusa. Pofika Okutobala mukatsegula thumba ndi fumbi lokhalokha anankafumbwe akuyenda ngati kwawo. Matumba a PICS aja osalowa mpweya alipo m'mashopu a zaulimi, mukuti ndi odula, koma ya foni yatsopano inapezeka. Mtedza ndiye mumachita kuuwaza madzi kuti usavute kuswa ndiponso ulemere pa sikelo, chuku n'kulowa, womwewo mukusinjira ana m'phala. Mukudwalitsa ana anu omwe chifukwa cha makilo awiri.

Ndi kutengeka kwanu kuja. Mnzanu akapeza ndalama ndi mbewu ina chaka chino, chaka chamawa mudzi wonse mbewu yomweyo, chimanga, chinangwa, mbatata zonse mwasiya. Mwaiwala nandolo? Mtengo utakwera aliyense kum'mwera anadzaza munda ndi nandolo, 2017 India n'kuchepetsa kugula, mtengo kugwa pansi, anthu matumba ali m'nyumba osowa kokagulitsa ndipo chakudya alibe. Wa fodya naye chimodzimodzi, chaka chonse banja lonse m'chigafa, ana kujomba ku sukulu kusoka fodya, mabelo akafika ku msika wa fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma achotse ngongole ya zipangizo, ya thiransipoti, zodula zina ndi zina, chotsala bambo akathere m'malo ogona alendo a m'tauni asanafike n'kumudzi komwe. Matenanti amene anagwira ntchito chaka chathunthu akudikira pakhomo.

Ife amene tinaona njala ya 2002 sitiseka nazo izi. Tinaona anthu akudya zitsa za nthochi ndi madeya osakaniza ndi zinthu zosadziwika, tinaika maliro mpaka anthu okumba manda kusowa mphamvu. Posachedwapa pomwe ku Machinga anthu amaphika chitedze, ku Nsanje amalowa m'madambo a ng'ona kukazula nyika. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, koma inu mukuganiza kuti mabungwe adzabwera ndi thumba la ufa nthawi zonse, dzina lanu lidzakhala pa mndandanda nthawi zonse. Analonjeza ndani?

Ana athu a m'tauni ndi a ku Joni nanunso musaseke, mbali yanu ilipo. Mumatumiza ya feteleza mu Januwale chimanga chitamasula kale ngayaye, Meyi mwafika ndi galimoto kudzatenga matumba eti ufa wa kumudzi ndi wokoma, makolo mwawasiyira sugar paketi imodzi ndi buledi. Ndipo mafumu, inu a nyakwawa, venda akumanga msasa ndi sikelo yake pabwalo panu penipeni mwezi wa Epulo chimanga chisanaume, inu mwalandira kangachepe mwangoti zii. Mudzi ukagwa njala mudzalamulira ndani, mitengo?

Amayi, kiyi wa chipinda cha chimanga mangani pa chitenje, ndipo bambo akayamba zake itanani ankhoswe ngolo isanafike pakhomo, musamachite manyazi. Abambo inu ndatopa nanu. Amene mukusesa nkhokwe mwezi uno, Febuluwale musadzandigogodere pakhomo ndi kathumba m'manja kuti achimwene tibwerekeniko. Sindidzatsegula.