Woyimba amayamba kulipira, kulandira amatsiriza

Abale ndi anzanga akaona zithunzi zanga pa Facebook ndili pa siteji, gitala ili pachifuwa, magetsi akuwala, amakhulupirira kuti ndinapata, ndipo mauthenga opempha thandizo amafika usiku womwewo ndisanalonge n'komwe zipangizo m'galimoto. Sindiwaimba mlandu, pakuti chithunzi sichionetsa ngongole. Koma ndatopa kukhala chete, ndipo ndikufuna kufotokoza mmene moyo wa woyimba woyima payekha, wopanda kampani yomuyang'anira, umayendera kuno ku Ulaya, kumene ndakhala ndikuzungulira ndi nyimbo zanga kuchokera ku England.

Vuto loyamba ndi pasipoti imene ndili nayo. Ngakhale ndili ndi chilolezo chokhala ku Britain, chilolezocho sichinditsegulira khomo la France, Germany kapena Belgium, choncho ulendo uliwonse ndiyenera kupempha viza ya Schengen, chilolezo cholowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, imene kuyambira mu June 2024 mtengo wake unakwera kufika ma euro 90, osawerengera ndalama za ofesi yolandira mafomu ndi inshuwalansi ya chipatala. Opereka viza amafuna makalata a okonza zoimbaimba, umboni wa kumene ndidzagona, ndi mbiri ya ndalama za ku banki, ngati kuti munthu woyimba m'maholo ang'onoang'ono amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Ndikaipeza vizayo, lamulo limandilola masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse, ndipo pamwamba pa zimenezi dziko lililonse lili ndi malamulo akeake okhudza kugwira ntchito yolipidwa. Chaka china pasipoti yanga inabwezedwa patatsala masiku awiri kuti ndinyamuke, nditalipira kale vani ndi malo ogona, ndipo sabata yonse ndinadya movutika poganiza kuti ndalama zonsezo zalowa m'madzi.

Kuchokera pa 1 January 2021, pamene Britain inasiyiratu kutsata malamulo a malonda a European Union, nawonso katundu wathu anayamba kufuna chiphaso chake chotchedwa ATA Carnet. Gitala yonyamula pamanja imatha kudutsa popanda chikalatachi, koma zokuzira mawu, ng'oma ndi makina osakanizira mawu zikakhala mu vani, chilichonse chiyenera kulembedwa pamndandanda: dzina lake, nambala yake, kulemera kwake ndi mtengo wake. Chikalatachi chimadya mapaundi mazana angapo, chimagwira ntchito chaka chimodzi chokha, ndipo chiyenera kudindidwa potuluka, polowa, pobwerera ndi pofika. Ndimakumbukira m'bandakucha wina titatsika sitima ya pamadzi yochokera ku Dover, doko la ku England, kuli chisanu cholasa mafupa, nditagwada kumbuyo kwa vani ndi tochi ya foni pakamwa, ndikufunafuna nambala yofufutika pansi pa chokuzira mawu, woimba ng'oma wanga akuwerenga mndandanda ndi zala zonjenjemera. Chinthu chimodzi chikasowa pobwerera, amachiyesa chogulitsidwa ndipo msonkho wake umakugwera. Ma CD ndi malaya amene timagulitsa sizilowa m'chikalatachi, pakuti ndi malonda, choncho zili ndi mafomu ndi msonkho wakewake.

Zonsezi ndimalipira ndisanayimbe nyimbo ngakhale imodzi, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Mwini holo amapeza zake pa zakumwa, wosamala makina a mawu ali ndi mtengo wake wokhazikika, mlonda wa pakhomo amalandira malinga ndi maola amene wagwira, koma woyimba, amene anthu onsewo abwerera, amauzidwa kuti adzagawana zolowera pakhomo zitachotsedwa zowonongedwa zonse. M'tauni ina ya ku Germany tinayenda maola 9 kuti tifike nthawi yoyesa zida, ndipo tinapeza kuti zikwangwani zimene ndinatumiza mwezi wathunthu m'mbuyomo zinali zikadali mu envelopu yake pa tebulo la ku ofesi, osamatidwa paliponse. Anthu anabwera ochepa, tinawayimbira ndi mtima wonse monga tikanachitira pamaso pa chikwi, ndipo pamapeto wokonza zoimbaimbayo anandiitanira kukhitchini, anawerengera ndalama pamwamba pa bokosi la mabotolo, n'kunena kuti mvula ndiyo yaononga zinthu. Ku Germany lamulo limati woyimba wochokera kunja akalandira zopitirira ma euro 250 pa kuyimba kumodzi, adulidwe msonkho wa 15.825 peresenti asanagwire ndalamazo, ndipo kuti zimenezo zidzawerengedwe pa msonkho wa ku Britain pamafunika mapepala ena ndi katswiri wa zowerengera amene naye amafuna malipiro. Usiku umenewo sitinafike n'komwe pa mlingo wodulidwa msonkho.

Ena amandiuza kuti ndidalire malonda a ma CD ndi malaya, ndipo n'zoona kuti kawirikawiri mafuta a ulendo wotsatira amachokera pa tebulo laling'ono la kumbuyo kwa holo. Komatu maholo ena akuluakulu ku Britain amatenga mpaka 25 peresenti ya zogulitsazo, ngakhale kuti sanalipire kusindikiza, sananyamule makatoni, ndipo ndine amene ndimaima pamenepo thukuta lili kamukamu ndikupereka chenji. Za nyimbo za pa intaneti sindinena zambiri: munthu mmodzi akamvera nyimbo kamodzi, chimene chimafika kwa woyimba kawirikawiri sichikwana ngakhale senti imodzi ya ku America.

Thupi nalo lili ndi ngongole yake imene palibe amaiwerengera. Ndine woyimba, ndine dalaivala, ndine wonyamula katundu, ndine mlembi woyankha makalata pakati pa usiku pamalo omwetsera mafuta. Ndagona pa mpando wa vani ndi jekete kumutu, ndagona pansi m'nyumba za anthu achifundo amene sindinawaonepo kale, ndipo mawu akatsekeka chifukwa cha chimfine palibe tchuthi cha odwala, pakuti usiku umene sunayimbe ndi usiku umene sunalandire, pamene lendi ya chipinda chimene sukugonamo ikudikira. Mwana wanga anayamba kuyenda ine ndili pa msewu wa pakati pa Lille ndi Brussels, ndipo ndinaona mapazi ake oyamba pa vidiyo ya foni nditaimika galimoto m'mbali.

Tsopano wokonza zoimbaimba aliyense amene akundiitana ndimamuuza poyera kuti ndikufuna mgwirizano wolembedwa, mtengo wokhazikika, ndi theka la ndalamazo ndisanakwere sitima ku Dover. Atatu mwa amene ndinawalembera mwezi uno sanayankhe, ndipo fomu ya viza ya ulendo wotsatira ili pa tebulo panga, ikudikira makalata awo.