Lekani Kumupatsa Mulungu Makombo

Ana anga, ndi inunso anzanga a imvi, tcherani khutu. Zimene ndinene pano ziwawa, koma paja wakutsina khutu ndi mnansi. Amene sadziwa n'komwe khomo la tchalitchi nkhani yawo ndi ina. Lero ndili ndi inu obatizidwa, inu oyimba kwaya, inu okhala mipando ya kutsogolo, amene mayina anu ali m'kaundula wa mpingo. Mulungu simunamukane ayi. Mwangoyamba kumupatsa makombo, ndipo mwazolowera mpaka simukuonanso kuti n'chipongwe.

Taonani zimene zikuchitika tsiku lopembedza. Munthu akulowa ulaliki uli pakati, akuyenda mwachifatse, nkhope ili gwa, chonsecho kuntchito amafika bwana asanatulukire. Nthawi ya pemphero mutu waweramitsa ndithu, koma maso ali pa foni imene waibisa pantchafu, chala chili kalikiliki pa WhatsApp. Anzake akati "Amen" nayenso "Amen", osadziwa chimene wavomereza. Usiku amachezera pa Facebook osaphethira, koma akangoti agwade, tulo tamugwira asanamalize ndi mawu awiri omwe. Kodi mukuganiza kuti amene analenga diso saona zimenezi?

Khalidweli si la lero. Ayuda atabwerako ku ukapolo ku Babulo anamanganso kachisi, ntchito n'kutha cha m'ma 516 Khristu asanabadwe. Patapita nthawi mitima inazirala. Nsembe sanasiye kupereka, moto paguwa unkayakabe, koma munthu ankalowa m'khola n'kusankha nkhosa yakhungu, yotsimphina kapena yodwala, imene ngakhale ataigulitsa palibe angaigule, n'kupita nayo kwa wansembe. Lamulo la pa Levitiko 22 linali litaletseratu nyama zachilema, ndipo ansembewo ankalidziwa bwino, koma ankangolandira. Ndiye Mulungu anawafunsa kudzera mwa mneneri Malaki kuti, tatengani nyama yomweyo mukaipereke kwa bwanamkubwa wanu, muone ngati akakulandireni. Funso limeneli silinakalambe. Kuchedwa kumene mumachita kutchalitchi, tayesani kukachita tsiku lokafunsidwa mafunso olowera ntchito. Foni imene mumaseweretsa popempherayo, tayesani kukaitulutsa woweruza milandu akulankhula nanu. Ulemu mukuudziwa bwinobwino, kungoti mwasankha woti muzimupatsa. Pa Malaki 1:10 Mulungu anafika ponena kuti kuli bwino wina angotseka zitseko za kachisi kusiyana n'kumayatsa moto paguwa pachabe.

Katswiri wina wa malamulo atafunsa Yesu lamulo loposa onse, Ambuye sanabweretse chachilendo. Anabwerera pa Deuteronomo 6:5, pamene Mose anauza Aisraeli kuti azikonda Yehova ndi mtima wonse, moyo wonse ndi mphamvu zonse. Katswiriyo anavomereza yekha, pa Marko 12:33, kuti chikondi chotere chiposa nsembe zonse zopsereza. Palibe pamene panalembedwa kuti theka likwanira.

Pali mfumu ina imene alaliki saitchula kawirikawiri, koma ine ndimaona kuti ndi imene ikufanana nafe kwambiri. Dzina lake Amaziya, mfumu ya Yuda, ndipo mbiri yake ili pa 2 Mbiri 25. Analowa ufumu ali ndi zaka 25, nalamulira zaka 29 ku Yerusalemu. Malemba amamuchitira umboni kuti anachita zoongoka pamaso pa Yehova, koma osati ndi mtima wonse. Mukamuyang'ana poyambirira simungamupeze chifukwa. Pokonzekera nkhondo ndi Aedomu analemba ganyu asilikali 100,000 a ku Israeli ndi matalente 100 a siliva. Munthu wa Mulungu atamuuza kuti awabweze, iye anawabwezadi. Komatu mverani funso limene linayamba kutuluka pakamwa pake: nanga matalente 100 ndapereka kale aja? Mtima wogawanika umadziwika pamenepo. Umamvera, koma uku ukuwerengera zimene wataya.

Mulungu anamupatsa chipambano m'Chigwa cha Mchere. Pobwerera kwawo, munthu wamkulu uja ananyamula milungu ya anthu amene anawagonjetsawo, n'kuiimika, n'kuyamba kuigwadira ndi kuifukizira lubani. Mneneri anamufunsa nzeru yake ili pati, kupembedza milungu imene inalephera kupulumutsa eni ake. Yankho la mfumu linali lakuti, ndani wakuika iwe kukhala phungu wa mfumu? Khala chete ungafe. Mawu omwewa timawamva lero mkulu wa mpingo akadzudzula wina: "Musandiweruze, za ine ndi Mulungu wanga sizikukukhudzani." Amaziya sanathere pabwino. Anaputa dala Yowasi mfumu ya Israeli, nagonjetsedwa ku Betisemesi, linga la Yerusalemu linagumulidwa mikono 400, golide ndi siliva za m'nyumba ya Mulungu n'kutengedwa. Pambuyo pake anthu ake omwe anamukonzera chiwembu, iye n'kuthawira ku Lakisi, ndipo anakamupherera komweko.

Inu otanganidwa ndi ntchito za mpingo musaganize kuti chenjezoli lakudutsani. Mpingo wa ku Efeso, pa Chivumbulutso 2, sunali waulesi. Unkagwira ntchito molimbika, unkapirira, ndipo atumwi onyenga unkawayesa n'kuwatulukira. Koma Ambuye anati ali nawo kanthu: unataya chikondi chake choyamba. Anauuza kuti ukapanda kulapa adzachotsa choyikapo nyali chake pamalo pake. N'zotheka kukhala m'makomiti atatu, kusunga makiyi a tchalitchi, kudziwa nyimbo zonse pamtima, koma osakumbuka tsiku limene unatseka chitseko n'kulankhula ndi Mulungu wopanda wina wokuona. Ena mwa ife akuluakulu ndi pamene tagwera, ndipo ndife ovuta kutidzudzula chifukwa mawu onse oyenera timawadziwa.

China chimene chimandinyansa ndi ichi. Anthu awiri akuyimba mzere umodzi, manja m'mwamba, misozi ili chuchuchu, koma potuluka wina adzera khomo ili, wina khomo ilo, kuopa kupatsana moni. Chaka chatha osalankhulana chifukwa cha ngongole kapena mawu amene wina anamva kwa wina. Mtumwi Yohane sanazungulire: wonena kuti amakonda Mulungu koma akudana ndi m'bale wake ndi wabodza. Yesu naye pa Mateyu 5:23-24 anati ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, chisiye pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Envelopu ya chakhumi siikwirira chidani.

Ndimalize ndi inu makolo. Mose atangonena za kukonda Mulungu ndi mtima wonse, anapitiriza kuti mawuwo muziwaphunzitsa ana anu muli khale m'nyumba, mukuyenda panjira, pogona ndi podzuka. Ana aja mumawakalipira kuti sakonda kupemphera, anaonera kwa ndani? Amakuonani mukunamiza munthu pa foni kuti simuli pakhomo, muli pompo. Amamva mukujeda abusa pobwerera kunyumba, Baibulo lili m'khwapa. Musanamukalipirenso mwana, usiku uno zimitsani foni, muitaneni, mutsegule Deuteronomo 6 muwerenge naye limodzi. Ndipo m'bale uja mwakhala mukumuzemba, mukamuone Lamulungu lisanafike.