Siyani kudula chizindikiro cha Televisa

Zimanyansa kwambiri. Sewero la ku Mexico likangotha, mayina a osewera asanathe n'komwe, kanema wina amalowetsa malonda, chizindikiro cha Televisa, kampani ya kanema ya ku Mexico yopanga masewerowa, osaoneka. Chonsecho chizindikirocho ndicho chimatiuza nyengo imene sewero linapangidwa.

Televisa inabadwa mu 1973, kampani ya kanema ya Telesistema Mexicano itaphatikizana ndi inzake ya Televisión Independiente de México. Chizindikiro chake anachijambula Pedro Ramírez Vázquez, katswiri wojambula mapulani a nyumba: diso la mizere yopingasa ngati ya pa sikirini, pakati pali dzuwa. Pambuyo pake dzuwalo linasanduka mpira wowala, ndipo mu 2022 dzina la TelevisaUnivision linabwera. Ndiye kumata chizindikiro chatsopano pa sewero la m'ma 1990 n'kunamiza owonera.

Chopweteka koposa ndi kukakamiza chithunzi. Masewero akale anajambulidwa pa 4:3, kutanthauza magawo anayi m'mbali ndi atatu mu msinkhu. Akawadula kuti adzaze sikirini yotambalala ya 16:9, gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wa chithunzi limatayika, mizere ya pamwamba ndi pansi pa diso lija n'kupita. Akawakoka m'mbali, dzuwa lozungulira limaphwatalala ngati dzira, nkhope za osewera nazonso kufufuma. Ingosiyani mizere yakuda kumanzere ndi kumanja, chithunzi chikhale mmene anachijambulira.