Nsomba ya betta si duwa loika m'botolo

Ndakhala ndikuona zithunzi za nsomba ya betta itaikidwa m'kabotolo kagalasi patebulo, eni ake akunena monyadira kuti nsombayi sivuta kusunga chifukwa kwawo imakhala m'tizithaphwi. Ine ndikuti kasungidwe kotereka ndi nkhanza, ngakhale kuti ambiri amachita zimenezi mosadziwa.

Kwawo kwa betta ndi ku Thailand, m'madambo ndi m'minda ya mpunga ya m'zigwa za mitsinje ya Chao Phraya ndi Mekong. Madzi akumeneko ndi osayadi, koma amatambalala dera lalikulu, ndi ofunda, ndiponso ndi odzaza ndi zomera zobisalamo komanso mphutsi za udzudzu zimene nsombayi imadya. Chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti betta ili ndi chiwalo chapadera m'mutu chimene chimaithandiza kumeza mpweya pamwamba pa madzi, kotero kuti sifa msanga m'madzi amene nsomba zina sizingagonemo usiku umodzi. Koma chiwalo chimenechi sichiiteteza ku zonyansa zake zomwe, zimene m'kabotolo zimachuluka m'masiku ochepa mpaka zipsepse zake zazitali, zomwe munthu anaigulira, n'kuyamba kuola. Sichiitetezanso ku kuzizira, popeza imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28, ndipo amene anagonapo ku Dedza mwezi wa Juni akudziwa mmene madzi a m'kapu amakhalira m'mamawa.

Za ukali wake n'zoona. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo nsomba za betta zazimuna ziwiri zikakumana zimamenyana mpaka kuvulazana, n'chifukwa chake anthu a ku Thailand ankazichititsa mipikisano ya ndewu kalekale, asanaitche nyama ya m'madzi yoimira dziko lawo mu 2019. Chondisangalatsa ine n'chakuti yaimuna yolusa yomweyo ndiyo imamanga chisa cha thovu pamwamba pa madzi, n'kumatola mazira ndi pakamwa, kuwaika m'chisamo ndi kuwalondera mpaka ataswa, yaikazi itathamangitsidwa kale.

Wofuna kuweta betta apeze thanki la malita osachepera 20, lokhala ndi chotenthetsera madzi, zomera ndi chivundikiro, pakuti nsombayi imadumpha. Azisintha gawo la madzi sabata iliyonse, ndipo akatero angakhale nayo zaka zitatu kapena zinayi.