Inu Owotcherera ndi Gasi, Moyo Wapadera Munausunga Kuti?

Lachiwiri lapitali ndinapita pa Nchalo kukawotcheretsa chitsulo cha ngolo yanga. Ndabwerako chitsulocho chili chothyokabe, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi.

Ndili pamzere, panafika mnyamata wa kabaza ndi thanki ya njinga yamoto yodontha. Wowotchererayo anakhuthulira petulo m'chigubu, nagwedeza thankiyo kawiri, kuuziramo ndi pakamwa, basi n'kuyatsa moto. Ndinati, "Mwana wanga, watsuka thankiyo?" Iye osandiyang'ana n'komwe: "Madala, ntchito yanga iyi, sindinayambe lero." Mawu asanathe pakamwa, phuu! Chivindikiro chinakamenya malata, thanki inatupa ngati chule, nsidze za mmisiri uja zitapsa psiti. Chigubu cha petulo chija chinali pomwepo, pafupi ndi phazi lake. Kamtsikana kogulitsa madzi ozizira kanali kataima poti ukanatambasula mkono ukanakagwira. Anthu anaseka. Kuseka!

Ndani sadziwa kuti thanki yopanda petulo ndiye yoopsa, poti chimaphulika ndi mpweya wotsalira? Nanga migolo ija mumadula ndi moto osafunsa kuti munali chiyani?

Tayendani kuchokera pa Dyeratu, Ngabu mpaka Bangula, muone nokha. Masilinda ali gone pa dothi, dzuwa la kuno ku Chigwa likuwaswa, dzuwa loti mu Okutobala limapitirira madigiri 40, ng'ombe zomwe zimathawira pansi pa mtengo. Silinda ya asetilini, gasi woyaka uja mumawotcherera, imayenera kuima chilili, yomangidwa ndi tcheni, chifukwa mkati mwake muli mankhwala amadzimadzi osungunulira gasiyo. Inu mumaigoneka, kuigubuduza ndi mwendo, kuikhalira podya nsima. Wina ndinamuona ataimanga ndi mphira pa kaliyala wa njinga, akudumpha nayo maenje, kumutu kwake kulibe chotetezera. Ikagwa, vavu yotsekera gasi n'kuthyoka, mukuti idzaima kukupemphani njira?

Za mapaipi ndiye musanene. Ofiira ndi abuluu onse anasanduka akuda, ong'aluka ngati chidendene, omatidwa ndi chubu ndi majumbo. Gasi akununkha ngati adyo, munthu n'kuyatsa machesi kuti aone pamene pakutuluka. Thovu la sopo, loonera pamene gasi akutuluka, lakwera mtengo liti? Kachipangizo kotchinga moto kuti usabwerere m'paipi mumati n'kodula. Bokosi la maliro ndi lotchipa?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi okosijeni. Manja ali girisi yekhayekha, munthu akutsegula silinda, mwina mpaka kuthira oyilo pa geji yoyezera mphamvu ya gasi kuti imasuke. Okosijeni wa m'silinda akakumana ndi mafuta moto umabuka wokha, safuna machesi. Enanso thukuta likawakwana amadzipopera okosijeni m'malaya kuti amve kuzizira. Kanthethe kamodzi kokha, malayawo amayaka ngati thonje louma, mwini ali momwemo.

Ndiye pali aja odzipangira gasi, kuthira kabaidi ndi madzi m'chitini chowotcherera okha kuseri kwa nyumba, n'kuchiimika pakati pa okazinga tchipisi ndi ogulitsa petulo wa m'mabotolo. Limenelo ndi bomba, tisanamizane.

Lawi limene mwagwira m'manjalo limapitirira madigiri 3,000. Limasungunula chitsulo ngati phula. Inu mwalifikira mutavala patapata ndi jezi ya mpira, m'maso muli magalasi a dzuwa ogula pa msika, ana a sukulu atakuzungulirani ngati akuonera gule. Mukapsa kwambiri ulendo ndi wa ku chipatala cha Queens ku Blantyre, kukwera mapiri onse a pa Thabwa khungu likusupuka. Munayamba mwaganizapo za ulendo umenewo?

Sindikudana ndi ntchito yanu ayi. Popanda inu ngolo zathu, makasu ndi njinga bwenzi zili kudzala. Koma mawu aja oti "sindinayambe lero" ndatopa nawo. Ngati wanuwo moyo mwatopa nawo, chotsani kaye ana a eni pamalopo.

Ndipo iwe wa nsidze zopsa, dzulo ndadutsa pamenepo. Paipi ija ikadali yomanga ndi chubu. Manyazi ulibe?